Dzina lobwereka ndi ngongole

Mwana akabadwa m'nyumba ya Chisilamu, dzina lake silisankhidwa mothamanga. Makolo amafunsana, agogo amaponyapo maganizo awo, nthawi zina shehe amafunsidwa tanthauzo la dzinalo, ndipo pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri mwanayo amakhala ndi dzina lomwe banja lonse lingathe kulifotokoza. Koma mwana yemweyo akakula n'kuyamba kuyimba, amadzipatsa dzina lina usiku umodzi wokha, ali ndi anzake mu situdiyo ya kuseri kwa golosale, popanda wamkulu aliyense wofunsidwa. Chonsecho dzina lachiwirili ndi lomwe lidzalembedwe pa zikwangwani, lidzatchulidwe pa wailesi, ndipo lidzam'bweretsere ndalama kapena milandu.

Tikamvetsera mayina omwe achinyamata a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Machinga akudzipatsa masiku ano, tikupeza kuti ambiri ndi obwereka. Wina watenga dzina la katswiri wa ku Dar es Salaam n'kuphatikizapo liwu losonyeza kuti iye ndi wamng'ono wake. Wina watenga la woyimba wa ku Lagos n'kusintha chilembo chimodzi. Wina watola dzina la kampani ya zovala kapena ya galimoto, poganiza kuti ulemerero wa katunduyo um'gwera. Ife tikuona kuti chizolowezi chimenechi n'cholakwika pawiri. Chimaika woyimbayo m'manja mwa malamulo omwe sakuwadziwa, komanso chikusemphana ndi ulemu umene chipembedzo chathu chimapereka ku dzina. Dzina lobwereka ndi ngongole, ndipo mwini wake amabwera kudzalonjerera pa nthawi imene wobwerekayo wayamba kupeza bwino.

Tikudziwa kuti ma ulama sanena chimodzi pa nkhani ya nyimbo zokhala ndi zing'wenyeng'wenye, ndipo m'makomo mwathu muli omwe amaziletseratu ndi omwe amazilola mwa malire. Mtsutso umenewo tiusiye m'manja mwa eni ake. Nkhani ya dzina imakhudza onse: woyimba nasheed wopanda chida chilichonse, gulu la sikiri lomwe layamba kujambulitsa mawu ake, mtsikana wolakatula ndakatulo pa TikTok, ngakhalenso mnyamata yemwe bambo ake safuna n'kumva komwe nyimbo zake. Aliyense amene waika dzina pa ntchito yomwe anthu adzaigule kapena kuimvera walowa kale mumsika, ndipo msika uli ndi malamulo ake.

Kawirikawiri timamva achinyamata akunena kuti munthu akalembetsa nyimbo zake ku COSOMA ndiye kuti dzina lakenso latetezedwa. Sizili choncho. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo pano likugwira ntchito potsatira lamulo la copyright la 2016, limayang'anira ntchito za luso: mawu a nyimbo, maimbidwe ake, ndi zomwe zajambulidwa. Dzina la mawu awiri kapena atatu silitengedwa ngati ntchito ya luso yotetezedwa ndi lamulo limeneli. Tiyerekeze ndi za kunyanja. Lamulo la copyright limayang'ana nsomba zomwe zili m'boti n'kunena kuti mwini wake ndani. Dzina lolembedwa m'mbali mwa botilo, lomwe ogula pa doko amalizindikira likadali patali, limayang'aniridwa ndi lamulo lina, la zizindikiro za malonda.

Lamulo la zizindikiro za malonda lomwe dziko lino likugwiritsa ntchito ndi la 2018, ndipo linalowa m'malo mwa la 1957 lomwe tinatsala nalo kuchokera m'nthawi ya Chitaganya. Lakalelo linkateteza zizindikiro za pa katundu wogwirika, monga sopo kapena tiyi. Latsopanoli limalolanso kulembetsa chizindikiro cha ntchito yomwe munthu amachitira anthu ena, ndipo kuyimba pa nsanja ndi imodzi mwa ntchito zoterozo. Chizindikiro chikalembetsedwa chimakhala zaka 10, kenako mwini wake amachilembetsanso. Malonda onse anagawidwa m'magulu 45: zosangalatsa anthu zili m'gulu 41, nyimbo zojambulidwa zili m'gulu 9, zovala zili m'gulu 25. Choncho woyimba amene watetezera dzina lake pa zoyimba zokha sanatetezere malaya ndi zipewa zomwe akufuna kumagulitsa.

Funso lalikulu lomwe lamuloli limafunsa ndi lakuti: kodi wogula angasokonezeke n'kuganiza kuti awiriwa ndi munthu mmodzi, kapena kuti pali ubale pakati pawo? N'chifukwa chake kusintha chilembo chimodzi sikupulumutsa munthu, pakuti khutu la womvera wailesi siliona kalembedwe. Tidziwenso kuti chitetezo chimathera m'malire a dziko lomwe munthu walembetsako. Bungwe la ARIPO, lomwe likulu lake lili ku Harare, limathandiza kulembetsa chizindikiro m'mayiko angapo a mu Africa nthawi imodzi kudzera m'pangano la ku Banjul la 1993, ndipo Malawi ali m'panganoli. Koma South Africa, komwe ana athu ambiri a m'mbali mwa nyanja amapita kukafuna maganyu ndi kukajambulitsa nyimbo, si membala wa ARIPO. Wofuna chitetezo ku Joni ayenera kukalembetsa ku ofesi ya komweko yotchedwa CIPC. Pamene copyright imalowerera ndi pa chithunzi chomwe chimayenda ndi dzinalo. Wotenga chithunzi cha mufilimu kapena cha katuni n'kuchiika pa chikwangwani chake watenga ntchito ya mwini. Ngakhale chizindikiro chomwe mnzake wam'jambulira pa kompyuta chimafunika kugwirizana molemba kuti mwini wake akhala ndani.

Nkhani yomwe ikuonetsa bwino kulemera kwa zinthuzi inachitika ku America mu 2020. Gulu lotchuka la nyimbo za country la mumzinda wa Nashville linkadziwika kuti Lady Antebellum. Liwu lachiwirilo limakumbutsa nyengo ya ukapolo, nkhondo yapachiweniweni ya 1861 isanayambe. Mu June chaka chimenecho, dziko lili pa mkwiyo chifukwa cha kuphedwa kwa George Floyd, gululo linalengeza kuti lachita manyazi ndi dzinalo ndipo lizidziwika kuti Lady A. Patangopita tsiku limodzi zinamveka kuti mumzinda wa Seattle muli mayi wachikuda, Anita White, woyimba nyimbo za blues, amene anali atayimbira dzina lomwelo la Lady A kwa zaka zoposa 20.

Zokambirana zitalephereka, mu July gululo linakamang'ala kukhoti, kupempha kuti litsimikiziridwe ufulu wogwiritsa ntchito dzinalo popeza linali litalilembetsa ngati chizindikiro cha malonda kuyambira mu 2011. Linanenanso kuti mayiwo ankafuna madola 10 miliyoni. Mayi White nawo anasumira gululo mu September, ponena kuti iwo ndi amene anayamba kuligwiritsa ntchito dzinalo, ndipo ku America kuyambira kugwiritsa ntchito dzina pa malonda kumapatsa munthu ufulu wina ngakhale asanalembetse. Mlanduwo unatha kumayambiriro kwa 2022, mbali ziwirizo zitamvana kunja kwa khoti, ndipo zomwe zinagwirizana sizinaululidwe.

Pamenepa pali zoti tidzudzule ndi zoti tiphunzire. Gulu lomwe linkathawa dzina lopweteka anthu achikuda linakaponda dzina la mayi wachikuda, pamene kufufuza pa intaneti kwa mphindi zochepa kukanalionetsa kuti dzinalo lili ndi mwini. Limeneli ndi khalidwe la wamphamvu amene saona kuti pomwe akuponda pali munthu. Koma mbali inayo ikutiphunzitsanso zowawa. Zaka 20 za thukuta zinakumana ndi pepala limodzi lokhala ndi chidindo cha boma, ndipo mwini thukutayo anayenera kufunafuna maloya kuti atsimikizire dzina lomwe anthu a kwawo ankam'dziwa nalo kale. Masiku ano vutoli silidikiranso khoti. Oyimba awiri akakhala ndi dzina limodzi, wofufuza pa YouTube, Spotify kapena Boomplay amayamba kuona wotchukayo, ndipo wamng'onoyo amakwiririka. Nthawi zina nyimbo za wina zimakalowa pa tsamba la mnzake, ndipo mwini chizindikiro akadandaula, makampani amenewa amatha kuchotsa nyimbo asanamve n'komwe mbali ya wodandaulidwayo. Mnyamata wa ku Makanjira amene wadzitcha dzina la katswiri wakunja wadzikwirira yekha asanayambe n'kuyamba komwe.

Ngozi yachiwiri imachokera kwa omwe timawayesa otithandiza. Woyimba wa ku Nigeria amene ambiri anam'dziwa ndi nyimbo ya Buga mu 2022 anayamba kutchuka ali Kiss Daniel, pansi pa kampani ya G-Worldwide Entertainment. Atachoka ku kampaniyo mu November 2017, eni kampani anam'tengera kukhoti ku Lagos, ponena kuti waphwanya mgwirizano ndiponso kuti dzina loyimbiralo lili m'manja mwawo. Mu May 2018 iye analengeza kuti tsopano ndi Kizz Daniel. Zinam'yendera chifukwa anali atatchuka kale, anali ndi ndalama zolipirira maloya, ndipo anthu ankatsatira mwini mawuwo kulikonse kumene wapita. Woyimba wongoyamba kumene alibe zonsezi. Ngakhale Prince, mmodzi mwa oyimba otchuka kwambiri a ku America, amene dzinali analipatsidwa ndi makolo ake pobadwa, analisiya mu 1993 pa mkangano wake ndi kampani ya Warner Bros., ponena kuti kampaniyo yalisandutsa katundu wake, ndipo analibwerera mu 2000.

Kuno kwathu migwirizano yambiri pakati pa woyimba ndi mwini situdiyo kapena manijala imakhala ya pakamwa, kapena ya pepala lachingerezi lomwe mnyamata amasaina asanaliwerenge chifukwa cha chimwemwe. Magulu a nasheed nawo amayamba mwachikondi, osaganiza kuti tsiku lina mtsogoleri adzasamukira ku Lilongwe n'kunyamula dzina la gulu, otsalawo n'kumatinso dzinalo ndi lawo. Asilamu sitiyenera kuphunzitsidwa ndi wina aliyense za ubwino wolemba. Ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an yolemekezeka, ndime 282 ya Surah Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Kulemba sikusonyeza kuti sitikukhulupirirana. Kumateteza ubale pa tsiku lomwe mitima yasintha. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Ena angaganize kuti umwini wa dzina ndi nzeru za azungu zomwe sizikukhudza Shariya. Bungwe la akatswiri a fiqh a m'mayiko a Chisilamu, International Islamic Fiqh Academy, linaunika nkhaniyi pa msonkhano wake wachisanu ku Kuwait mu December 1988. Linagamula kuti dzina la malonda, chizindikiro cha malonda ndi umwini wa zolemba ndi zopangidwa mwaluso ndi chuma cha eni ake chomwe Shariya imachiteteza, ndipo kuchilanda n'kosaloledwa. Chigamulochi sichinangotuluka m'malere. Mizu yake ili m'mbiri ya Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye), amene tsiku lina mumsika anapisa dzanja mu mulu wa chakudya, n'kupeza kuti chonyowa chabisidwa pansi, ndipo anadzudzula mwamphamvu chinyengo choterocho. Woyimba amene wadzitcha dzina lofanana ndi la katswiri kuti anthu atsegule nyimbo yake molakwitsa waika chouma pamwamba, chonyowa pansi.

Taganizirani za Zaid bin Haritha, amene analeredwa m'nyumba ya Mtumiki ndipo anthu ankam'tcha Zaid mwana wa Muhammad, kufikira pamene ndime 5 ya Surah Al-Ahzab inatsika n'kulamula kuti ana oleredwa azitchulidwa ndi mayina a abambo awo enieni. Ndimeyi ikukamba za magazi ndi mtundu, osati za malonda, koma phunziro lake likutifika: dzina liyenera kunena zoona za yemwe walinyamula. Ngati Zaid sanapitirize kunyamula dzina la munthu wolemekezeka kuposa onse, amene ankam'konda ngati mwana wobala yekha, ife tili ndi chifukwa chanji chodzipachikira dzina la woyimba yemwe sakutidziwa n'komwe?

Sitikunena kuti dzina lachiwiri ndi loletsedwa. Maswahaba ambiri timawadziwa ndi mayina omwe sanabadwe nawo. Abu Hurairah anatchedwa choncho chifukwa cha kamphaka komwe ankayenda nako. Abu Bakr anatchedwa As-Siddiq chifukwa cha kuvomereza kwake choonadi, ndipo Khalid bin Walid anatchedwa lupanga la Allah chifukwa cha ntchito zake pa nkhondo. Mayina onsewa anamera pa moyo wa eni ake, ndipo palibe ngakhale limodzi lomwe linalandidwa kwa munthu wina. Akatswiri a hadith nawo anazindikira kalekale kuopsa kwa mayina ofanana. Ankasamala kusiyanitsa Sufyan ath-Thawri ndi Sufyan bin Uyainah, ndipo Al-Khatib al-Baghdadi, amene anamwalira mu 1071, analemba buku lathunthu la ofotokoza hadith omwe mayina awo ndi a abambo awo ndi ofanana pamene anthuwo ndi osiyana. Kutchula mphunzitsi ndi dzina losadziwika pofuna kusokoneza omvera ankakutcha tadlis, liwu lomwelo lomwe akatswiri a fiqh amatchulira kubisa chilema cha katundu pogulitsa. Zomwe maloya a lero amazitcha kusokoneza wogula, makolo athu m'chipembedzo anali atazipatsa kale dzina.

Pali vuto lina lomwe ndi lathulathu, ndipo tisalibise. Magulu athu a nasheed amakonda mayina monga An-Nur, Al-Huda ndi Al-Falah. Matanthauzo ake ndi okoma, koma mayina omwewo ali pa madrasa, pa magolosale, pa maminibasi ndi pa magulu ena osawerengeka kuyambira ku Cairo mpaka ku Jakarta. Ntchito ya chizindikiro cha malonda ndi kusiyanitsa mwini wake ndi ena onse, ndipo dzina lomwe aliyense ali nalo silingagwire ntchito imeneyi. Gulu lotere likatulutsa nasheed yabwino, womvera sadziwa kuti aitane ndani ku ukwati, ndipo ndalama zochokera ku nyumba zoulutsira mawu n'zosavuta kusokonekera. Kusankha dzina lopatulika sikuchotsa udindo wofufuza ngati lili ndi mwini.

Komanso si dzina lililonse lomwe khoti lingalole lomwe ndi labwino. Woyimba wa ku America William Roberts anatenga dzina la Rick Ross, munthu amene anatchuka ndi kugulitsa mankhwala osokoneza bongo ku Los Angeles m'zaka za m'ma 1980. Mwini dzinayo anam'sumira mu 2010, koma mu 2013 khoti la apilo ku California linagamula mokomera woyimbayo. Anapambana mlandu, komabe dzina lomwe ana mamiliyoni amalitchula monyadira ndi la wogulitsa chiphe. Muyezo wa Msilamu ndi wokwera kuposa wa khoti. Mtumiki ankasintha mayina oipa: mwana wa Umar wotchedwa Asiyah, kutanthauza wonyoza malamulo, anam'tcha Jamilah, ndipo dzina lakuti Barrah analisintha chifukwa linali lodziyeretsa. Anadzudzulanso munthu wodzitcha mfumu ya mafumu, ndipo ndime 11 ya Surah Al-Hujurat ikuletsa kuitanana ndi mayina onyoza. Mayina odzitukumula ndi aumbanda omwe adzaza m'mafoni mwa ana athu ayesedwe ndi muyezo umenewu.

Dzina loyimbira limamatirira kuposa momwe mwini wake amaganizira. Steven Georgiou wa ku London anatchuka ndi dzina la Cat Stevens, analowa Chisilamu mu 1977, ndipo chaka chotsatira anakhala Yusuf Islam. Atabwerera ku zoyimba mu 2006 anagwiritsa ntchito dzina la Yusuf, koma pofika 2017 chimbale chake chinatuluka ndi mayina onse awiri, pakuti dziko linali lisanaiwale lakalelo patatha zaka 40. Iye anachita mwayi kuti dzina lakalelo silinali lochititsa manyazi. Mnyamata amene lero akudzitcha dzina la chigawenga adziwe kuti mawa adzafuna kukwatira, kutsogolera swala, mwinanso kuima pa chisankho, ndipo dzinalo lidzam'tsogolera kulikonse.

Tikamadzudzula achinyamata, tisasiye kudzudzula momwe zinthu zilili. Malamulo onsewa analembedwa m'Chingerezi cha maloya. Kulembetsa chizindikiro, komwe kwa zaka zambiri kwakhala m'manja mwa ofesi ya Registrar General, kumafuna ndalama ndi kudziwa njira za m'maofesi a m'mizinda ikuluikulu, zomwe mwana wa msodzi wa ku Chipoka kapena Malindi alibe. Lamulo lomwe osauka sakulidziwa limasanduka chida cha olemera okha, monga nkhani ya Mayi White yatisonyezera. N'koyenera kuti boma ndi mabungwe a oyimba afotokoze zinthuzi m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndiponso kuti mawailesi athu ndi makomiti a achinyamata a m'mizikiti aitane odziwa malamulo kudzaphunzitsa. Timaphunzitsa ana za riba ndi za muyezo wachilungamo pa sikelo. Umwini wa dzina ndi gawo la phunziro lomwelo.

Pakadali pano pali zomwe banja lililonse lingathe kuchita popanda kulipira kanthu. Dzina lifunidwe pakhomo. Giddes Chalamanda, malemu Lucius Banda, Patience Namadingo ndi Ali Kiba wa ku Tanzania anatchuka ndi mayina a makolo awo, ndipo palibe anawafunsa kuti anawabwereka kuti. Chiyao ndi Chichewa zili ndi nkhokwe ya mawu omwe woyimba wa ku Lagos kapena Atlanta sangawaganizire: mayina a agogo, a mphepo za panyanja monga mwera, mpoto ndi vuma, a mbalame, a mitengo, a zida za usodzi. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Dzina likapezeka lifufuzidwe pa YouTube, Facebook, Boomplay ndi Spotify, m'kalembedwe kalikonse komwe lingamvekere, pakuti ngakhale dzina lobadwa nalo limatha kuwombana ndi la wina. David Jones wa ku Britain anasanduka David Bowie m'zaka za m'ma 1960 pothawa kusokonezedwa ndi woyimba mnzake Davy Jones. Zikwangwani zakale, malisiti a ku situdiyo ndi masiku omwe nyimbo zinatulukira zisungidwe, chifukwa ndi umboni wa yemwe anayamba. Pepala lililonse la mgwirizano liwerengedwe ndi munthu wodziwa lisanasainidwe, ndipo linene poyera kuti dzina ndi la woyimba ndipo adzachoka nalo. Ndalama zoyamba zikapezeka, kulembetsa dzina kutsogole, foni yatsopano ibwere pambuyo.

Makolofe tingathe kusagwirizana ndi njira yomwe mwana wasankha, ndipo tili ndi ufulu wom'langiza. Koma kukana kumva nyimbo zake kusatilepheretse kum'funsa mafunso atatu: kunjaku akukutcha ndani, dzinalo unalitenga kuti, ndipo unasaina chiyani? Mwana amene angayankhe mafunso amenewa pamaso pa agogo ake osagwetsa nkhope ali ndi dzina lakelake. Amene akuchita chibwibwi athandizidwe kusintha lero, omutsatira akadali ochepa, pakuti kusintha dzina anthu zikwizikwi atalizolowera kuli ngati kugwetsa nyumba yomwe yafoleredwa kale. Allah ndiye wodziwa koposa.